Thovu Limene Ababa Sanalione

1

Ababa anandifunsa funso limodzi katatu, masiku atatu otsatizana, ndipo katatu konse ndinawayankha bodza lomwelo. Papita zaka zambiri, tsitsi langa layera mbuu, koma funsolo limandipezabe ndikangoona madzi atadekha m'beseni. Ndaganiza zolemba, mwina likatuluka lindisiya.

Ine ndine Rahima. Ababa anali Che Bwanali, mmisiri wowotcherera maradiyeta ku Old Town, kuseri kwa msewu wa Malangalanga, kufupi ndi mzikiti. M'zaka zimene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe, ntchito sinkasowa. Malole a mchenga ndi njerwa ankawira tsiku ndi tsiku pokwera ku Capital Hill, ndipo dalaivala aliyense ankadziwa kuti radiyeta ikadutsa m'manja mwa Che Bwanali siidonthanso. Dzina limenelo ababa ankalinyadira kuposa chilichonse chimene anali nacho, ndipo kunena zoona analibenso china.

Chimene madalaivalawo sankadziwa n'chakuti ababa sankaona. Ng'ala inayamba ndi diso lamanzere, kenaka inalowa lamanja, ndipo pofika 1976 munthu akaima patsogolo pawo ankangoona chithunzithunzi. Manja okha ndiwo ankagwira ntchito. Ankadziwa mtovu kuti wasungunuka pomva fungo, ndipo chala chawo chinkapeza mng'alu umene anyamata a maso awiri ankaudumpha.

Koma pali ntchito imodzi imene manja sangathe. Mmisiri akatha kuwotcherera amatseka mabowo onse ndi zidutswa za chubu, n'kumiza chitsulocho mu mgolo wodula pakati wodzaza madzi, wina n'kumapopera mpweya ndi pampu ya njinga. Ngati pali pobooka, ngakhale pang'ono ngati nsonga ya singano, timathovu timakwera pamwamba. Kuona timathovu timeneti kumafuna maso.

Maso amenewo ndinali ine. Amayi anali atamwalira, achimwene anapita ku Halale osabwerera, tinatsala awiri. Anthu ankangoti Abiti Bwanali amathandiza kupopa. Ababa ankawerama pa mgolo ngati akuyang'anitsitsa, n'kundifunsa chapansipansi ngati pali thovu. Ine ndinkayankha milomo osagwedezeka, kuti lilipo kumanja chakumunsi, kapena kuti palibe, iwo n'kuweramuka kulengeza kwa mwini galimoto ndi mawu a munthu amene waona yekha. Tinachita zimenezi zaka ziwiri ndipo palibe anatitulukira.

2

A Felton Chavula anafika pa shedi yathu mwezi wa Epulo ndi pikapu yobiriwira imene inkalira mluzu ikamathamanga. Anali a ku Rumphi, ogwira ntchito mu unduna wina umene unali utangosamuka kumene, ndipo ankakhala m'kachipinda ku Area 4 podikira nyumba yawo ya boma. Ankavala tayi ngakhale Loweruka. Ndinawaseka mumtima tsiku loyamba, osadziwa kuti woyenera kusekedwa ndine.

Galimotoyo anaigula kwa mzungu wina womanga amene ankabwerera kwawo. Mzunguyo anali atamangirira pamwamba pa injini chitsulo chozungulira ndi lamba, chimene amisiri ankachitcha bulowa, ntchito yake kukankhira mpweya m'injini mokakamiza kuti ikhale ndi mphamvu zoposa msinkhu wake. Ndicho chinkaimba mluzu uja. A Felton ankachinyadira ngati anachipanga okha.

Anabwera koyamba chifukwa cha radiyeta. Kachiwiri anabwera kudzafunsa ngati radiyetayo ili bwinobwino. Kachitatu analibenso chifukwa, ndipo anandipeza ndikupita kumsika. Anandizungulitsa ku City Centre, kumene nyumba zosanja zinkaima zokhazokha pakati pa tchire, kenaka anandifikitsa ku Area 10 n'kundionetsa nyumba yopanda denga, mazenera ali pululu.

"Apa padzakhala khitchini," anatero, atandigwira paphewa. "Ukuiona bwanji? Zenerali likukwanira?"

Ndisawanamizire malemu: sananenepo kuti adzandikwatira. Koma inu owerenga ndiuzeni, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri ukamuonetsa khitchini n'kumufunsa za zenera, amva chiyani? Tinabwererako ku nyumbayo kangapo amisiri ataweruka. Zimene zinachitika kumeneko sindilemba, nonse ndinu akuluakulu. Kawiri pamwezi ankapita ku Zomba, ati kukatenga mafayilo otsala, ine n'kumawamvera chisoni kuti boma likuwatopetsa.

3

Linali Lachitatu, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Felton anafika akudandaula kuti injini yayamba kugogoda ikamakwera chitunda itasenza katundu. Ababa anaika dzanja pa paipi yochokera ku bulowa n'kulichotsa msanga. Anafotokoza kuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga pampu ya njinga imatenthera m'manja, ndipo injini ikameza mpweya wotentha nyengo ngati ino imadzidya yokha. Mankhwala ake, anati, ndi intakula, kachiradiyeta koziziritsa mpweya usanalowe m'injini.

A Felton anali atamva kale zimenezo kwa anzawo, ndipo kumbuyo kwa pikapu anabweretsa maintakula awiri amene anawapeza pa mulu wa zitsulo zakutha za omanga. Ababa anawasisita onse awiri, maso atawatsinzina ngati akuwerenga manambala.

Woyamba anali wamng'ono, wamkuwa, wolemera, wakuda ndi mwaye. Ameneyo ankaziziritsa ndi madzi, choncho ankafuna kathanki kakekake, kapampu ndi mapaipi anayi, ntchito ya sabata yathunthu. Wachiwiri anali wamkulu, wa aluminiyamu, wonyezimira, woziziritsa ndi mphepo chabe. Ameneyo unkangomuika kutsogolo kwa radiyeta n'kulumikiza mapaipi awiri, tsiku limodzi ntchito yatha. Ababa anakonda wamng'ono. Anati mkuwa amaudziwa, ukabooka amauwotcherera, pamene aluminiyamu ndi wopyapyala ndipo mtovu wawo sugwirapo. Anawonjeza kuti wamkuluyo akufuna mapaipi ataliatali odutsa pafupi ndi ekizozi, zimene sizinawasangalatse.

A Felton anapukusa mutu. Ine ndinali chikhalire pa kampando kanga, pampu ili pamiyendo.

"Sabata ndilibe, madala. Nyumba ija yatha, ndipo andiuza kuti banja likapanda kulowa pofika Lolemba aipereka kwa wina. Loweruka ndikukatenga mayi a kunyumba ndi mwana ku Zomba, ndi katundu yense."

Ananena ngati akunena za mvula. Sanandiyang'ane n'komwe, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anaiwala kuti ndilipo kapena anasankha dala kunenera pamenepo kuti ndisawafunse.

Ababa anati mgolo ndiwo uweruze. Ngati wamkuluyo sakutulutsa mpweya, mwini galimoto asankhe yekha, koma ngati akutulutsa, zokambirana zatha. A Felton anatuluka kukaima pamthunzi wa mtengo wa mango, kuopa kudetsa nsapato.

Tinamiza wamng'ono. Ndinapopa mpaka mkono kuwawa, madzi ali zii. Ndinati palibe, ndipo zinali zoona.

Tinamiza wamkulu. Nditapopa kakhumi ndi kawiri ndinaliona thovu. Linkachokera pa ngodya ya kumunsi, pamene chitsulo chinalumikizidwa, timathovu ting'onoting'ono ngati njere za mawere, tikukwera pamzere umodzi mosapupuluma. Ndinatiyang'ana, ndinayang'ana msana wa a Felton pansi pa mango paja, ndipo ndinasiya kupopa. Timathovu tinachepa, kenaka tinaleka.

"Pali thovu?" ababa anafunsa.

"Palibe."

Anakhala chiweramire nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anaweramuka, napukuta manja, naitana a Felton kuwauza kuti onse awiri ndi abwino. A Felton analoza wonyezimira uja.

Ndikuuzeni chimene ndinkafuna, kuti mundiweruze pa mlandu wanga weniweni. Ndinkaganiza kuti intakula wobooka angofooketsa injini, galimoto ikanike kukwera ku Dedza, agone panjira, Lolemba lidutse, nyumba ipite kwa wina. Ndinkafuna kuti mkazi ameneyo asaime pa zenera langa. Zinali zokhazo, ndipo tsiku limenelo zinkaoneka zazing'ono.

4

Lachinayi tinamangirira. Ababa ankapinda mapaipi, ine ndikuwapatsira masipanala. Masana a Felton anabwera kudzaona, ndipo ababa anawaitanira pa boneti n'kuwagwiritsa paipi. Anawauza kuti mzungu uja anaika kabuleta kutsogolo kwa bulowa, choncho chimene chizidutsa mu intakulamo si mpweya wokha, ndi mpweya wosakanikirana ndi petulo.

"Pakangokhala pobooka," anatero, "chotuluka pamenepo chikagwera pa ekizozi ndi moto. Si kufooka kwa injini ayi. Ndi moto."

Ankalankhula ndi a Felton, koma nkhope inali italoza kwa ine. A Felton anaseka nati n'chifukwa chake anabwera kwa Che Bwanali osati kwa anyamata a pa depoti. Sipanala inandipulumuka m'manja n'kugwera pa simenti.

Atachoka, ababa anandifunsa kachiwiri, mofatsa, akupukuta paipi ndi sanza, ngati dzulo lija panalibedi thovu. Ndinati panalibe. Mawu anatuluka bwinobwino. Kuti ndivomere, ndinayenera kunena chifukwa chimene ndinanamira, ndipo kuseri kwa chifukwacho kunali nyumba yopanda denga ija. Mwana wa Che Bwanali, amene akuluakulu a ku mzikiti ankamutchula akamalangiza ana awo, akanayambira pati? Ndinadziuza kuti thovulo linali laling'ono, kuti mwina ndinaona molakwa, kuti mwina dothi litseka lokha.

Lachisanu atabwerako ku swala ya ku mzikiti sanavule mkanjo. Anakhala pa benchi nandiitana kuti ndikhale pafupi nawo.

"Rahima, kumasula chitsulo chija n'kuchimizanso ndi ola limodzi. Maso amatopa, mwana wanga, makamaka dzuwa likamawalira m'madzi. Munthu akaona molakwa si tchimo."

Ananditsegulira khomo lalikulu chotero, loti ndikanangodutsa osatchula dzina la munthu aliyense. Ndakhala ndikudzifunsa moyo wanga wonse chifukwa chimene sindinadutsire. Yankho lake ndi lonyansa: mkwiyo unali usanathe. M'mawa wa tsiku lomwelo a Felton anali atandidutsa pa msika osaimitsa galimoto.

"Ndinaona bwino, ababa," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anandituma kuti ndidzaze ndowa ndi mchenga wa kumtsinje, ndiviikenso ziguduli ziwiri m'madzi. Nditafunsa kuti n'zachiyani, anati mawa apita ndi a Felton ku Zomba. Kale, maso asanafe, ntchito yaikulu iliyonse ankaiperekeza pa ulendo wake woyamba, ndipo madalaivala ankadziwa mwambo umenewo. Koma panali patatha zaka ziwiri asanakwere galimoto ya munthu.

5

Loweruka m'mamawa pikapu inafika ikuimba mluzu wake. Ababa anakwera kutsogolo, ndowa ya mchenga ili pakati pa miyendo, ziguduli zonyowa pamwamba pake. A Felton anawaseka kuti akupita kukamanga nyumba ku Zomba kapena. Kwa ine anangoti tidzakambirana akabwera, mawu otsika, maso ali pa wotchi.

Ababa sanatseke chitseko. Anakhala choncho, phazi limodzi lili panja, nkhope italoza pamene ndinaima. Injini inkalira, a Felton ankagogoda chiwongolero ndi chala, ndipo ine ndinayang'ana pansi n'kuyamba kuwerenga timiyala. Pomaliza ababa anakoka phazi lija natseka chitseko okha.

Tsiku lonse ndinakhala pa shedi ndikudzidzimuka lole iliyonse ikaima. Palibe uthenga unabwera. Dzuwa litapendeka, dalaivala wina wochokera kummwera anati waiona pikapu yobiriwira ikuwoloka pa Liwonde ikuthamanga ngati yaba. Ndinapuma, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti mbali ina ya mtima wanga inakhumudwa. Sindinaganize kuti galimoto yopanda katundu, yotsetsereka, siipanikiza mpweya kwenikweni. Chitunda chinali pobwerera.

Lamulungu masana ndinaona a Goliati akutsika mu lole yawo osazimitsa injini. Anali dalaivala wa njerwa, mnzawo wa ababa wakalekale, munthu wa phokoso amene ankayamba kuseka asanapereke moni. Tsiku limenelo anavula chipewa ali patali.

"Abiti Bwanali, tenga nsalu tizipita. Ali moyo, koma tizipita."

6

Anandifotokozera panjira. Pikapu inanyamuka ku Zomba itasenza mabedi, kabati, makina osokera ndi matilesi pamwamba, zonse zitamangidwa ndi chingwe chimene anachidutsitsa m'mazenera a kutsogolo kuti chigwire bwino. Ababa anasiyira mpando mayi ndi mwana, iwo n'kukhala kumbuyo pa katundu ndi ndowa yawo. Atadutsa Ntcheu, pa chitunda chachitali chopita ku Dedza, anamva fungo la petulo nayamba kumenya denga ndi chibakera. Pamene a Felton ankaima, moto unali utatulukira kale pansi pa chiwongolero.

A Felton anatulukira pa zenera. Chitseko cha mayi chinakana kutseguka chifukwa cha chingwe chija. Ababa anatsika, anatsegula boneti yotentha ndi manja, anathira mchenga wonse, koma ndowa imodzi inachepa. Atamva kulira kwa mwana analondola mawuwo, namutulutsira pa zenera atamukulunga m'chiguduli. Kenaka anagwira chingwe chimene chinali chikuyaka n'kuchikoka mpaka chinaduka, chitseko n'kutseguka. A Goliati, amene ankabwera m'mbuyo, anati anawapeza atakhala m'mphepete mwa msewu, manja atawatambasula kutsogolo, akufunsa ngati onse atuluka.

Onse anatuluka. Galimoto ndi katundu yense zinapsa.

Kuchipatala ndinawapeza ababa atagona, manja onse awiri atakulungidwa mpaka m'zigongono. Pambali pa bedi panali wapolisi ndi kabuku, a Felton ndi bandeji pakhutu, ndi madalaivala atatu amene anamva nkhaniyo panjira. A Felton ankalankhula mokweza kuti anauzidwa pamaso pa mboni kuti chitsulocho n'chabwino. Wapolisi anafunsa kuti anayesa ndani. Ndinatsegula pakamwa, koma ababa anandiyambirira.

"Ndinayesa ndine. Lembani choncho. Lembaninso kuti maso anga anafa zaka ziwiri zapitazo, ndipo ndakhala ndikuwerama pa mgolo kunamiza anthu kuti ndikuona. Mwanayu amangopopa."

Ndinaona madalaivala aja akuyang'anizana, aliyense akukumbukira radiyeta yake. Dzina limene ababa analimanga zaka makumi atatu linathera pamenepo, ine ndili chiimire ndi fulasiki ya tiyi m'manja. Wapolisi anayang'ana mabandeji aja, natseka kabuku kake, nati mdalayu walangidwa kale.

Madzulo ake munalowa mayi wamtali, wovala diresi yobwereka, atanyamula kamtsikana ka zaka zitatu. Anali a Tabitha, mkazi wa a Felton, ndi mwana wawo Dinah. Ndinkayembekeza munthu wonyada woti ndimude. M'malo mwake anagwada pa simenti pambali pa bedi nathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, kawirikawiri, misozi ikutsika. Atadzuka anandigwira manja onse awiri nandiuza kuti zoti mdalayu saona iwo alibe nazo kanthu, chimene akudziwa n'chakuti anamva kulira kwa mwana wawo. Lolemba analowa m'nyumba ya ku Area 10 ndi mphasa ziwiri zobwereka.

7

Shedi inatsekedwa mwezi usanathe. Pa Malangalanga anthu ankati Che Bwanali anali wakhungu wakuba, ndipo ena amene ankamwa tiyi wathu ankawoloka msewu akationa. A Felton sanabwerenso, ndipo ine sindinawafune. Amene ankabwera anali a Tabitha, mwezi ndi mwezi, ndi mtedza kapena nyemba za kwawo, Dinah akuthamangira kukakhala pamiyendo pa agogo ake a manja opsa.

Mabandeji atachoka, zala zinali zitamatirirana, zopindika, zosatha kugwira ngakhale kapu. Ndinkawadyetsa, kuwaveka, ndipo kasanu pa tsiku ndinkawasambitsa manja, nkhope ndi mapazi kuti aswali. Pa miyezi inayi sanatchulepo za mgolo. Ndinayamba kukhulupirira kuti sakudziwa, kuti ankaganizadi kuti maso anga anatopa, ndipo ndinkagona bwino pang'ono.

Tsiku lina masana ndinkathira madzi a m'ketulo pa manja awo, beseni lili pansi. Madziwo ankagwa n'kumachita timathovu. Ababa anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Linali lalikulu kapena laling'ono?" anafunsa.

Ndinaika ketulo pansi, madzi n'kutayika. Ndinadziwa kuti sakunena za beseni.

"Laling'ono, ababa. Pa ngodya ya kumunsi."

"Ndinadziwa kuti lilipo. Zaka ziwiri sunasiyepo kupopa ndisananene kuti basi. Tsiku lija pampu inaleka kulira ndisanafunse n'komwe."

Ndinakhala pansi m'madzi otayikawo. Anapitiriza ndi mawu omwe aja ofatsa, kuti za a Felton ankazidziwanso. Mluzu wa galimotoyo ankaumva ukuima kuseri kwa msika, ndipo ine ndinkabwera kunyumba ndikununkha simenti yaiwisi. Ndinawafunsa ndikulira chifukwa chimene anamangirira chitsulocho ngati ankadziwa.

"Ndikanaitana ndani kudzandionera? Ndikanati mwana wanga wanama, anthu akanafunsa chifukwa chake. Koma usandiyeretse, Rahima. Ndikanatha kungokana, n'kumuuza munthu uja kuti apite kwina. Ndinkafuna unene wekha. Ndinadikira pakamwa pako masiku atatu, ndipo podikirapo ndinakweza mwana wa eni pa moto, ndikudalira ndowa imodzi ya mchenga. Limenelo ndi langa, ndikayankha ndekha. Lako usenze wekha."

Atatero anatambasulanso manja aja kuti nditsirize kuwasambitsa, chifukwa nthawi ya swala inali kutha. Anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso.

8

Owerenga anzanga, sindinalembe kuti ndikulangizeni za amuna a tayi. Amenewo mukuwadziwa kale kuposa ine. Ndalemba chifukwa ambiri a inu ndinu maso a munthu wina. Pali gogo amene mumamuwerengera kalata, pali mayi amene mumamuuza zimene dokotala wanena, ndipo amakhulupirira chifukwa alibe pena pofunsa. Bodza limene munganene kwa munthu wotero limaoneka laling'ono zedi pa tsiku lake. Langa linali ngati njere ya mawere, ndipo linadya manja a ababa ndi dzina lawo. Mpaka lero ku Old Town alipo okalamba amene amakumbukira Che Bwanali ngati wakhungu amene anawotcha galimoto ya munthu wa boma. Sanawotche ndi iwo. Thovulo ndinaliona ine.

A Felton anamwalira kale. A Tabitha alipo, akukhala kwa Dinah ku Area 14, ndipo zaka zonsezi amanditcha mng'ono wawo. Pa ukwati wa Dinah anandikhazika kutsogolo. Sakudziwa za mgolo, sakudziwanso kuti khitchini imene anaphikamo zaka khumi ndi zisanu ndinaiona ine isanafoleredwe.

Maso awo nawonso achita ng'ala tsopano. Lachiwiri lililonse ndimakwera minibasi kupita kukawawerengera, Baibulo lawo la Chitumbuka limene ndimalipunthwa iwo n'kumandiseka, kenaka magazini ino, imene amaikonda chifukwa cha nkhani ngati zimenezi. Nkhaniyi ikatuluka adzandipatsira okha n'kundifunsa kuti mwezi uno mwalembedwa zotani. Ndikhoza kudumpha masamba atatu, ndipo sangadziwe.

Ndawauza kale kuti Lachiwiri limenelo Dinah asapite kuntchito, adzakhale pambali panga akuyang'ana tsamba lomwelo. Ndidzayambira pa mutu, ndipo sindidzasiya mpaka a Tabitha atanena kuti basi.